Ndinayankha Ndisanayang'ane Giya

Ndisananene kanthu, ndiyambe ndi kuthokoza Mulungu amene wandisunga mpaka imvi zadzaza mutu, ngakhale kuti poyang'ana ntchito zanga sindinali woyenera kusungidwa. Ndikuthokozanso inu amene mwapatula nthawi kuti mumve za nkhalamba imene simuidziwa. Dzina langa sindilitchula, koma cholakwa changa ndinasiya kuchibisa.

Ine ndinadulitsa mwendo wa mnzanga. Sindinamumenye, sindinamuchitire nsanje, ndipo mowa sindinaulawepo chibadwire. Iye anandifunsa funso limene moyo wake unatsamirapo, ine ndinayankha ndisanayang'ane. Inu owerenga, makamaka amene mumadya za m'makina, ndikupemphani mumve kuyambira pachiyambi, chifukwa tsoka lotere silibwera tsiku limodzi. Timalilera tokha pang'onopang'ono mpaka likule.

Zinali m'zaka zija za chipani chimodzi, pamene munthu sunkalowa mumsika wopanda khadi m'thumba. Kwathu ndi ku Ntcheu, koma ntchito inanditengera ku Mangochi. Ndinkayendetsa buludoza pa kampani ina yokonza misewu imene inatha kalekale, ndipo tinapatsidwa chigawo cha msewu wa ku Makanjira, kupitirira Malindi, kumene mchenga ndi makwawa zinkameza malole dzinja lililonse. Buludozayo inali yokalamba. Utoto unasupuka, mpando unali thabwa loyalapo chiguduli, koma ikalira inkakankha chulu ngati mulu wa madeya.

Wondithandiza anali Che Amidu, Myao wa m'mudzi wina wa m'mbali mwa msewu womwewo, wamkulu kwa ine ndi zaka zingapo, wa mkazi ndi ana. Ntchito yawo inali kupaka girisi, kuthira dizilo, kuchotsa miyala ndi mizu yokodwa m'matcheni amene makinawo amayendera, ndi kundilondolera ndi manja ndikamabwerera m'mbuyo. Iwo anali Msilamu wosaphonya swala, ine Mkhristu wosaphonya mapemphero, koma tinkamvana ngati a mimba imodzi. Ataona kuti m'mawa uliwonse ndinkayamba ndaweramitsa mutu ndisanagwire kiyi, anandipatsa dzina loti Abusa, ngakhale kuti mumpingo sindinakhalepo ndi udindo uliwonse.

"Abusa, lero mupempherere chitsulochi, osati ife," ankatero. "Ife tapemphera kale m'bandakucha inu mukuliza mkonono."

Ankanena choncho chifukwa buludozayo inali ndi nthenda imene inatizunguza mutu tonse. Tsiku lina ukapotokola kiyi inkalira nthawi yomweyo, ngati yatsopano. Tsiku lina unkapotokola, kuli zii. Osati kutsokomola, osati kuyesa n'kulephera, koma kungoti zii ngati wapotokola kiyi pa mtengo. Unkatha kukhala mpaka dzuwa kufika pamutu, kenaka popanda chimene wasintha, wapotokolanso, yalira. Panalibe choti unganene kuti imakana kukazizira kapena kukatentha, pakuti inkakana m'mawa wa chisanu, inkakananso masana a chilimwe.

Tinayesa zonse zimene tinkadziwa. Tinapala mitu ya mabatire ndi mpeni mpaka kuwala. Anatibweretsera mabatire ena, inalira masiku angapo, ife n'kumati tapeza nthenda, kenaka inayambiranso. Tinagogoda sitata, kachipangizo kozungulitsa injini poiliza, ndi hamala, poti ena amati imamatirira. Tinatsuka sefa ya dizilo ndi kutulutsa mpweya m'mapaipi, ngakhale kuti mwana aliyense wa m'garaja angakuuzeni kuti injini imene sikuzungulira n'komwe sikudandaula za dizilo. Munthu akathedwa nzeru amamwa mankhwala a mutu pochiza mwendo. Sitatayo inamasulidwa n'kupita nayo ku garaja ya kampani pa boma, n'kubwera ndi uthenga woti ilibe vuto.

Chimene chinandipweteka kwambiri ndi ichi. Ndikatumiza uthenga kuti yakana, makaniko ankabwera tsiku lotsatira atatopa ndi msewu, n'kukwera, kugwedeza mawaya apa ndi apo ndi dzanja, n'kupotokola kiyi. Inkalira. Ulendo uliwonse inkalira. Ankandiyang'ana, n'kupukuta manja, n'kubwerera. Che Amidu ankaseka mpaka kugwira nthiti.

"Chitsulochi n'chimodzimodzi mwana wanga wamng'ono," ankatero. "Usiku wonse kulira m'mimba, mukafika naye kwa adokotala ayamba kusewera."

Ine sindinkaseka, chifukwa ndinkaona nkhope ya kapitawo wathu, a Gondwe. Anayamba kuganiza kuti ndimanamizira makina pofuna kupuma. Ndipo panali china choopsa kuposa kapitawo. Kunamveka kuti kudzabwera mlendo wamkulu wochokera ku likulu kudzaona msewuwo mvula isanagwe, tsono atcheyamani a chipani a m'deralo ankabwera kawirikawiri kudzaona pamene tafika. Tsiku lina anatipeza takhala pamthunzi, buludoza ili chete. Sanakalipe. Anangoti, akundiyang'ana ine, munthu amene amachedwetsa msewu ndiye kuti chitukuko sachifuna, ndipo wosafuna chitukuko pali amene wamutuma. Achinyamata a lero mwina simungamve kulemera kwa mawu amenewo. Masiku amenewo mawu otere ankatha kumutengera munthu kumalo kumene abale ake sankafunsa n'komwe kuti ali kuti. Ine ndinali mlendo, wa ku Ntcheu, wopanda wondiyankhulira. Kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kunena kuti makina akuvuta. Akuluakulu anati mbewa ya manyazi inafera kudzenje. Yanga inali ya mantha.

Anthu a m'midzi nawonso anali ndi yankho lawo. Poyamba ntchitoyo tinazula mkuyu waukulu pafupi ndi manda akale, tsono anayamba kunena kuti majini a mumtengomo anasamukira m'buludoza, ndiwo amaigwira pakhosi akafuna. Ine ndinkawatsutsa poyera. Ndinkati Mulungu wanga ndi wamkulu kuposa zimenezo. Che Amidu ankangoti majini alipo ndithu, koma sanamvepo jini lokonda fungo la dizilo.

Njira yathu yolakwika inabwera ndi dalaivala wa lole imene inkatibweretsera migolo ya dizilo. Atatipeza tagwira njakata, anatenga sipanala, n'kukwera pa tcheni, n'kuweramira m'mbali mwa injini pamene pali sitata, n'kukhudzitsa sipanalayo pa mabawuti awiri nthawi imodzi. Kunathetheka moto, injini n'kulira. Tinamuthokoza ngati watitulutsa m'ndende.

Inu owerenga, imani apa pang'ono. Sipanala ija inali kutiuza zoona zonse, tikanakhala ndi makutu. Ngati makina akulira ukalambalala kiyi, ndiye kuti mabatire ali bwino, sitata ili bwino, nthenda ili penapake pa njira yochokera ku kiyi kukafika ku sitata. Inali itatilozera pakhomo pa vuto. Koma ife sitinkafunanso kudziwa vuto. Tinkafuna phokoso la injini kuti kapitawo ndi atcheyamani alimve ali kutali. Tinapeza chotsekera pakamwa pa nthenda, tinasiya kufuna mankhwala.

Kuyambira pamenepo ntchito ya sipanala inakhala ya Che Amidu, popeza ine ndinkayenera kukhala pampando kugwira chowonjezera moto. Kuti afikire sitata ankakwera n'kugwada pamwamba pa tcheni penipeni. Tonse tinkadziwa tanthauzo lake. Makina akalira ali m'giya, tcheni limayenda, ndipo limayenda ndi amene ali pamwamba pake. Ndiye tinapangana lamulo. Iwo asanakhudzitse sipanala azifunsa, ine ndizigwedeza ndodo ya giya ndi dzanja, ndikaona kuti ikusewera momasuka ndiziyankha.

"Giya, Abusa?"

"Palibe giya, Che Amidu."

Masabata oyamba ndinkagwedezadi ndodoyo, mtima uli m'mwamba. Koma madzulo aliwonse ndinkaimika buludoza pamalo athyathyathya pa msasa wathu, nditachotsa giya, choncho m'mawa uliwonse yankho linali limodzimodzi. Masana sitinkazimitsa injini, ngakhale pa nthawi ya chakudya, poopa kuti ingakane. Tsono funso lija linkafunsidwa pamalo amodzi, nthawi imodzi, n'kulandira yankho limodzi, mpaka linasanduka moni. Mukudziwa mmene timachitira ife. Munthu wagona ndi malungo usiku wonse, koma mukamufunsa kuti wadzuka bwanji, pakamwa pamayankha pokha kuti ndadzuka bwino, mutu usanaganize. Sindikudziwa tsiku limene dzanja langa linasiya kupita pa ndodo ija. Ndikungodziwa kuti linasiya, pakamwa n'kupitiriza.

Tsiku la tsokalo kunali dzuwa la chilimwe, lija lotentha mpaka chitsulo chosagwirika. Tinkasalaza chitunda chotsetserekera ku khwawa louma. Dzuwa litapendeka pang'ono tinaona gulu la amuna likubwera mumsewu mofulumira, atanyamula jeneza, chonyamulira maliro cha Asilamu. Panalibe pena poti adutse koma pamene tinkagwira ntchitopo. Ndinabweza buludoza m'mbuyo n'kuipatutsira pambali, pamalo otsetsereka, msana wake utaloza kukhwawa.

Tsono apa mumvetse. Kwathu kuno maliro akamadutsa, wa njinga amatsika, wolima amaika khasu pansi, wa chipewa amavula. Kodi ine ndikanasiya chinjini chikubangula ndi kufuka utsi pamene mtembo wa munthu ukudutsa? Sindikanatha, ndipo mpaka lero sindinena kuti kuzimitsako kunali kulakwa. Koma chogwirira mabuleki chinali chitathyoka kalekale, moti pamalo otsetsereka chimene chinkagwira makinawo kuti asatsetsereke ndi giya. Ndinazimitsa injini, n'kuisiya m'giya lomwe lija lobwerera m'mbuyo, n'kutsika, chipewa kumanja.

Che Amidu anathamangira kukalowa m'gulumo. Mwambo wawo ndi woti mwamuna aliyense wokumana ndi jeneza aikepo phewa, ngakhale pang'ono, ena n'kumulandira. Ndinawaona akusenza nawo mpaka kutsidya kwa khwawa. Ine ndinaima ndikuganiza za bambo anga, amene anamwalira ndili kutali ndi ntchito yomweyi, ndipo ndinapeza ataikidwa kale.

Maliro atangodutsa ndinaona fumbi kutali, kuchokera mbali ya ku boma. Ndinaizindikira galimoto ya a Gondwe, ndipo ndinadziwa kuti masiku amenewo sankayenda okha, ankatenga atcheyamani. Andipezenso injini ili chete, dzuwa likadalipo? Ndinakwera msangamsanga n'kupotokola kiyi. Zii. Ndinapotokolanso. Zii.

Che Amidu anafika akuthamanga, thukuta lili kamukamu. Nawonso anali ataliona fumbilo. Sanadikire kuti ndiwauze. Anasolola sipanala m'thumba la ovololo n'kukwera pa tcheni.

"Giya, Abusa?"

Maso anga anali pa fumbi lija.

"Palibe giya, Che Amidu."

Injini inali yotentha, sinachedwe. Inalira pa kukhudza koyamba, ndipo buludoza inalumphira m'mbuyo. Ndinagwira ndodo ya kilatchi, yodula mphamvu ya injini ku matcheni, nthawi yomweyo, ndikhulupirireni, sipanapite nthawi yokwana kutchula dzina la Ambuye. Koma tcheni linali litayenda kale, litawakoka Che Amidu n'kulowetsa mwendo wawo wamanja pansi pa chitsulo chophimba tcheni, pafupi ndi pamene ndinakhala ine. Kulira kumene ndinamva sindikulemba. Ndimakumvabe.

Ndinatambasula dzanja kuti ndizimitse injini. Iwo, ali chigonere chagada pa tcheni, nkhope itayera ngati phulusa, anandiona.

"Musazimitse, Abusa! Musazimitse, ingakanenso!"

Anali kunena zoona. Mwendowo sukanatuluka pokhapokha makinawo atasunthira kutsogolo pang'ono, ndipo injini ikanazima, ndani akanakweranso ndi sipanala? Munthu amene ndinali nditangomuphwanya ndiye ankandiuza chochita. Amuna ena a pamaliro anamva kukuwa n'kubwerera. Anawagwira m'mapewa, ine n'kulowetsa giya lakutsogolo, n'kusuntha chitsulocho pang'onopang'ono, ndikudziwa kuti kusuntha kulikonse kukupera pomwe paphwanyika kale. Atawasolola, mkulu wina anavula nsalu yake ya kumutu n'kumanga mwendowo pamwamba pa bondo. Apo n'kuti galimoto ija itafika.

Anawanyamula pa galimoto yomweyo. Ine ndinakhala kumbuyo, mutu wawo uli pamiyendo panga. Msewu umene tinkachedwa kuukonzawo ndi umene unatichedwetsa tsiku limenelo. Tinatitimira mumchenga, tinakankha, tinatitimiranso. Iwo ankatchula dzina la Mulungu m'chinenero cha mapemphero awo, ine m'changa, mpaka mawu awo anayamba kuchepa. Tinawoloka mlatho wa Shire akupumabe. Madokotala anapulumutsa moyo, koma mwendo anaudula pamwamba pa bondo.

Tsopano ndinene tchimo lachiwiri, limene ndi lalikulu kuposa loyamba, chifukwa loyamba ndinalichita mosadziwa koma ili ndinalichita maso ali tseguke. Pakhonde pa chipatalapo a Gondwe anandifunsa, atcheyamani ali pomwepo, kuti chinachitika n'chiyani. Ndinayang'ana pansi n'kunena kuti makinawo anangolumpha okha. Palibe anandifunsanso kawiri. Aliyense ankadziwa kuti buludoza ija inali ndi zachilendo. Pofika mawa lake m'midzi monse munali mutamveka kuti majini a mumkuyu atenga mwendo wa Che Amidu, ndipo ine amene ndinkatsutsa za majini pamaso pa anthu ndinangokhala chete. Ndinabisala kumbuyo kwa chinthu chimene ndinkalalikira kuti chilibe mphamvu. Tambala sanalire, koma mumtima ndinadziwa kuti ndakana choonadi.

Ntchito sinaime. Patapita masiku anandiuza kuti ndibwerere pa makina, ndipo m'mawa wachiwiri inakananso. Panalibe munthu wofuna kuyandikira tcheni lija, ngakhale ine. Pamenepo, chifukwa chosowa njira ina, ndinachita chimene ndikanachita miyezi yambiri m'mbuyomo. Ndinagwira kawaya kochokera kumbuyo kwa kiyi n'kuyamba kukatsatira ndi zala, pang'onopang'ono, osalumpha. Kanalowa pansi pa chitsulo chopondapo mapazi. Ndinamasula chitsulocho, chimene palibe anachimasulapo chiyambire vutoli. Pansi pake kawayako kanadutsa pa mphepete yakuthwa. Kunja kanali kabwinobwino, chikopa chake chosang'ambika, koma nditakapinda ndinamva kufewa, ngati fupa lothyoka mkati mwa mnofu. Nditakang'amba ndi mpeni ndinapeza tinsinga tamkati titaduka, nsonga zake zitachita dzimbiri lobiriwira. Makina akagwedezeka mwanjira ina nsongazo zinkakhudzana, akagwedezeka mwanjira ina zinkasiyana. Makaniko uja akagwedeza mawaya ndi dzanja ankazikhudzitsa osadziwa.

Ndinadula powolapo, n'kulumikiza, n'kukulunga. Madzi a tiyi amene anzanga anateleka ndikuyamba anali asanawire pamene ndinamaliza. Ndinapotokola kiyi, inalira. Sinakanenso mpaka tsiku limene ndinaisiya. Ndinakhala pa thabwa lija, injini ikulira, ine ndikulira nayo, ndipo anzanga ankaganiza kuti ndi utsi.

Miyezi inapita ndisanapite kukawaona Che Amidu. Ndinamva kuti atuluka m'chipatala, ndinamva kuti ntchito yawathera, koma ndikafika pa njira yolowera kumudzi kwawo ndinkangopitirira. Kutchalitchi ndinkapitabe, koma tsiku la Mgonero ndinkatuluka msanga. Ndikanatambasula bwanji dzanja ku gome la Ambuye m'bale wanga ali ndi mlandu ndi ine umene iye mwini sakuudziwa? Chakudya chinasiya kukoma. Mafupa anga anakalamba ndi kukhala chete kumeneko. Mvula itagwa ntchito n'kuima, ndinalibenso chonamizira, ndinapita.

Ndinawapeza pakhonde, atakhala pa mkeka, akusoka ukonde wa munthu wina. Ndodo ziwiri zinali zitatsamira khoma. Anali ataonda. Atandiona anaika chosokera pansi.

"Abusa! Ndimayesa munasamutsidwa. Kapena mumadikira kuti mwendo umere kaye?"

Anaseka okha. Mkazi wawo, Abiti Saidi, anandiyalira mkeka wina, n'kundipatsa moni mwaulemu, n'kukakhala chapatali pakhomo la khitchini akusankha mpunga. Ndinayamba ndi za mvula, koma ndinazisiyira panjira. Ndinangogwada pamchenga n'kuwauza zonse, kuti giya ndinalisiya ndine, kuti ndinayankha ndisanagwire ndodo, kuti ndinanama pachipatala, ndi kuti nthenda yonse ya makina aja inali kawaya kochepa ngati chingwe cha mbedza.

Anayang'ana ukonde.

"Kawaya," anatero. "Ndiye mwati kochepa bwanji?"

Ndinawaonetsa ndi zala. Anapukusa mutu.

"Za majinizo ine sindinazikhulupirire. Ndinagona m'chipatala muja ndikuganiza, ndinadziwa kuti munaiimika pachitunda. Koma Abusa, inenso ndinene. Pamene ndinkafunsa paja, sipanala inali itafika kale pa bawuti. Mukanati giya lilipo, sindikudziwa ngati dzanja likanabwerera. Inu munayankha osayang'ana, ine ndinafunsa osamvera. Dzukani, mukudetsa thalauza. Zimene Mulungu analemba zachitika. Ine ndakukhululukirani."

Ndinalira ngati mwana. Ndinaganiza kuti katundu yense watsika. Koma nditatsanzika, Abiti Saidi anandiperekeza mpaka pa mpanda, monga mwa ulemu, ndipo pamenepo anayankhula motsitsa mawu kuti amuna awo asamve.

"Mwachita bwino kubwera, achimwene. Iwo akukhululukirani, inenso sindikusungirani kanthu. Koma mvula yagwa. Kumunda ndikupita ndekha, ndipo mwana wamkulu ndamusiyitsa sukulu kuti azipita kunyanja ndi amalume ake. Usiku bambowa amakuwa kuti phazi likuyabwa, phazi loti kulibe. Inu mupita kwanu mutapepukidwa. Ife titsala nazo."

Sanakweze mawu, sanandinyoze. Anangobwerera kukasankha mpunga wawo. Mawu amenewo ndi amene ndayenda nawo moyo wanga wonse. Ndinapita kwa a Gondwe n'kuwauza zoona, iwo anangoti nkhaniyo inatha kale, ndisaidzutse ngati ndikufuna mtendere wanga ndi wawo. Dzinja limenelo ndi linzake ndinkapita Loweruka kukalima nawo munda uja, koma khasu la tsiku limodzi pa sabata silingalowe m'malo mwa mwendo wa mwini munda. Kenaka kampani inatisamutsira kwina. Chilonda cha Che Amidu sichinapole bwinobwino, chinkatseka n'kutsegukanso, ndipo patapita zaka zochepa ndinalandira uthenga kuti anamwalira. Monga mwa mwambo wawo anaikidwa tsiku lomwelo. Mwana uja sanabwererenso kusukulu.

Ndikhulupirira kuti Mulungu anandikhululukira, pakuti sakana mtima wosweka, ndipo ku gome lake ndinabwerera. Koma phunzirani kwa ine kuti chikhululukiro chimachotsa mlandu, sichimeretsa mwendo.

Tsono inu owerenga, ndikupemphani zinthu izi ngati bambo wanu. Makina amene amalira lero n'kukana mawa si makina abwino amene nthawi zina amavuta, ndi makina odwala amene nthawi zina amakunamizani. Musapume mpaka mutapeza chimene chikuwadwalitsa. Yambani pamene mphamvu ichokera, mutsatire njira yake ndi zala zanu, ndipo musalumphe malo chifukwa choti ndi ovuta kumasula, pakuti nthenda imakonda kubisala pomwe aliyense amachita ulesi kutsegula. Wina akakuonetsani njira yachidule yolizira, muifunse njirayo kuti ikukuuzani chiyani za vutolo, kenaka muisiye. Isasanduke ntchito ya m'mawa uliwonse. Ndipo musalole munthu aliyense, ngakhale bwana aope bwanji, kuika thupi lake pamene chitsulo chingayende.

Amene muli ndi anthu pansi panu, musamuchititse manyazi wantchito amene wanena kuti chinthu chikuvuta, ngakhale chitakhala bwino inu mutafika. Mukamuopseza sasiya kukumana ndi vutolo, amangosiya kukuuzani.

Koposa zonse, samalani mawu amene mumanena tsiku lililonse. Si pa makina pokha. Namwino amene amafunsidwa ngati wapereka mankhwala, kondakitala amene amafunsidwa ngati onse atsika, mayi amene amafunsidwa ngati moto wazima, nonsenu muli pampando umene ndinakhalapo ine. Pali mafunso amene mnzako akafunsa amakhala waika moyo wake m'manja mwako. Funso lotero likafika, tsekani pakamwa, tumizani dzanja ndi maso kaye, ngakhale yankho likhale lomwe lija la dzulo ndi dzana. Tsiku limene zinthu zasintha silibwera ndi chizindikiro. Langa linabwera nditangochita chinthu chabwino, kulemekeza maliro. Mawu onse otuluka pakamwa mopanda kuganiza tidzawayankhira, ndipo ena timayamba kuwayankhira pansi pompano.

Ambuye akusungeni potuluka m'mawa ndi pobwerera madzulo. Asunge manja anu ndi mapazi anu, ndi a iwo amene amagwira ntchito pambali panu. Akupatseni mtima wosaopa munthu pamene choonadi chikufunika, ndipo ana anu akule akudya za thukuta la makolo amphumphu. Mtendere wake ukhale pa nyumba zanu. Amen.